Chimbudzi cha m'galimoto kapena cha pamsasa? Tigwirizane tisananyamuke

Nkhani imene tabwera nayo lero ndi yoti kwathu sitiikamba pabwalo, choncho tiyambe ndi kupepesa kwa akuluakulu onse amene awerenge. Taona kuti kukhala chete pa nkhaniyi kwayamba kutipweteka, n'chifukwa chake talimba mtima kuti tiikambe poyera koma mwaulemu.

M'zaka zaposachedwapa mabanja angapo a m'bungwe lathu ayamba kuchita hayala magalimoto aja okhala ndi pogona, pophikira, bafa ndi chimbudzi m'kati mwake, amene eni dziko amawatcha motorhome. Chifukwa chake n'chomveka. Matikiti a ndege opita ku Lilongwe kapena ku Blantyre a banja lonse sapezeka chaka ndi chaka, ndipo ana akatsekera sukulu mu Julayi, milungu yonse ija yongokhala m'fulati imatalika kwambiri. Ulendo wa masiku anayi kapena asanu kugombe la nyanja ku Kent kapena ku Norfolk umatsitsimula banja lonse, ndipo ife tikuyamikira onse amene ayamba kutero. Koma ulendo wotere uli ndi funso limodzi limene ambiri timalilambalala mpaka titafika kumene tikupita: kodi tizisamba ndi kudzithandiza m'galimoto momwemo, kapena tizipita ku mabafa ndi zimbudzi za onse zimene eni msasa anamanga?

Maganizo athu ndi awa. Kumene kuli mabafa ndi zimbudzi za onse, banja lizisamba kumeneko ndi kudzithandiza kumeneko masana onse. Chimbudzi cha m'galimoto tichisungire usiku, ana aang'ono, okalamba ndi odwala, ndipo anthu amenewa pasakhale wowaletsa kapena wowachititsa manyazi. Zifukwa zake tizifotokoza.

Zimene zinatitsegula maso

Chilimwe chathachi banja lina mwa ife linatenga amayi ake a mkazi, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzaona chidzukulu. Atafika pamsasa, mkamwini uja anawaonetsa galimoto yonse monyadira nati, "Amayi, musavutike n'kupita kutali, zonse zili momwemuno." Ananena ndi mtima wabwino. Tsiku lachiwiri mwana wawo wamkazi anaona kuti gogoyo akukana tiyi, akukana madzi, nsima akungoilawa. Tsiku lachitatu anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Atawatengera pambali anawafunsa kuti, "Amayi, chavuta n'chiyani? Bwanji simukumwa kanthu?" Iwo anayankha motsitsa mawu: "Mwana wanga, kachipinda kaja kali kumutu kwenikweni kwa bedi la akamwini, ndipo chitseko chake n'chopyapyala ngati katoni. Ine ndingalowemo bwanji bambo a ana ali pomwepo?" Chitseko cha zimbudzi za onse chinali chotsegula ndi manambala, ndipo panalibe amene anakumbukira kuwauza manambalawo. Kufunsa anachita nako manyazi. Iwo anangosankha kusamwa madzi kuti asafune kutuluka. Ulendowo unathera panjira, ndipo adokotala anati m'thupi mwawo madzi anali atachepa kwambiri. Tikuthokoza Mulungu kuti anachira.

Pa ulendo womwewo panalinso banja lina limene linalakwitsa mbali inayo. Bambo wa m'banjamo analamula kuti chimbudzi cha m'galimoto asachikhudze munthu, poopa ntchito yokakhuthula. Zotsatira zake, mayi ankadzuka katatu usiku umodzi, mvula ili pamsana, tochi kumanja, kuperekeza mwana wa zaka zisanu kudutsa bwalo lonse lamdima. Usiku wachitatu mwanayo anaopa kudzutsanso amake ndipo anakodzera pogona. M'mawa mwake anakalipiridwa ndi bambo yemwe uja amene anakhoma chitseko.

Mabanja onse awiriwa ndi a anthu okonda abale awo. Chimene chinasowa n'kukambirana asananyamuke.

Masamu a madzi

Tiyambe ndi zimene aliyense angathe kuwerengetsera. Thanki ya madzi abwino m'magalimoto ambiri otere imalowa malita pafupifupi 100. Kwa ife amene tinakula tikutunga madzi pamjigo, zimenezo ndi ndowa zisanu zokha za malita 20. M'ndowa zisanu zomwezo muchoke madzi ophikira, otsukira mbale, osamba m'manja ndi otsukira chimbudzi. Chotenthetsera madzi nachonso nthawi zambiri chimasunga malita ngati 10, theka la ndowa, ndipo akatha muyenera kudikira kuti ena atenthe. Banja la anthu asanu likati lisambe m'galimoto monga timasambira kunyumba, womaliza adzapeza mpopi ukungotulutsa mphepo. Kenaka madzi onse osambirawo amakadzaza thanki ina ya pansi, imene iyeneranso kukakhuthulidwa pamalo ake.

Madzi amalemeranso. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye kuti thanki yodzaza ili ngati matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Ambiri a ife tinapeza laisensi ya kuno pambuyo pa 1 Januwale 1997, ndipo laisensi yotere imalola galimoto imene kulemera kwake kovomerezeka sikupitirira makilogalamu 3,500. M'chiwerengero chimenecho muli anthu, katundu ndi madzi omwe. Tonse tikudziwa m'mene Mmalawi amapakirira akamapita paulendo: ufa, mapoto akuluakulu, mabulangete, chigubu cha thobwa. Kusenza madzi osamba ochuluka kupita nawo kumalo kumene shawa yotentha ikukudikirani, imenenso mwailipira kale m'ndalama za malo, kuli ngati kusenza nkhuni popita kunkhalango.

Chimbudzi cha m'galimoto sichilumikizidwa ku paipi iliyonse. Pansi pake pali kathanki kochotseka, kamene eni ake amakatcha kaseti, ngakhale kuti mulibe nyimbo iliyonse. Kathanki kameneka nthawi zambiri sikafika malita 20, ndipo banja lalikulu likamakagwiritsa ntchito usana ndi usiku kamadzaza m'masiku awiri, mwinanso osakwana. Kadzaza pakati pa usiku, palibe chochitira mwina koma kudzuka. Onjezerani nthunzi ya shawa m'kachipinda kopanda mpweya wokwanira, m'dziko lachinyezi ngati lino: zogonera zimazizira, makoma amachita nkhungu, matawulo sauma.

Kwathu chimbudzi chimakhala kuseri

Masamu okha sakwanira kufotokoza nkhaniyi. Makolo athu ankakumba chimbudzi kuseri kwa nyumba, chapatali, ndipo bafa la udzu linkakhalanso padera. Ankatero chifukwa cha ukhondo, komanso chifukwa cha ulemu. Munthu wamkulu ankangozemba mwakachetechete, wina aliyense osadziwa kumene walowera. Ngakhale mawu athu amasonyeza zomwezo: timati kupita kuseri, kudzithandiza, kutaya madzi. Pakati pa mkamwini ndi apongozi ake, kapena mtengwa ndi apongozi ake aamuna, ulemu umenewu ndi waukulu koposa. Ena mwa makolo athu anavutika kale kuzolowera chimbudzi cha m'nyumba za kuno, chimene chili ndi khoma la njerwa. Nanga kachipinda kotalikirana ndi poto wa ndiwo ndi phazi limodzi lokha?

Amene anapanga magalimotowa ankaganizira mwamuna ndi mkazi wake, mwina ndi ana awiri. Sankaganizira banja lathu, limene limayenda ndi agogo, azakhali, mlamu ndi mwana wa achimwene. Nyumba ya mabafa ndi zimbudzi ya pamsasa imatibwezera chinthu chimene tinachizolowera: mbali ya amayi payokha, ya abambo payokha, ndi kamtunda koyenda pakati pa pogona ndi kuseri. Ana athu obadwira kuno angaseke zimenezi, koma ndi udindo wathu kuwafotokozera kuti manyazi a agogo awo si umbuli. Munthu wa zaka 70 sasintha chikhalidwe chake m'masiku anayi a tchuthi, ndipo sitiyenera kumuumiriza.

Zodandaula za ena

Tamva ena akuti, "Ndalipira ndalama zambiri kuti ndikhale ndi bafa langalanga, ndikaimirenji pamzere ndi anthu osawadziwa?" Ena amati zimbudzi za onse n'zauve, ndipo amaopa matenda a kumapazi. Ena sanena mokweza, koma tikudziwa: pamisasa yambiri ya kumidzi ya kuno banja lachikuda limakhala lokhalo, ndipo maso a anthu amalemera ukamadutsa ndi chitenje ndi sopo m'manja.

Madandaulo amenewa sitikuwapeputsa. Misasa imasiyana, ndipo mukapeza malo osasamalidwa, gwiritsani ntchito zanu za m'galimoto, kenaka mukadandaule ku ofesi mwaulemu. Koma pamisasa yoyendetsedwa bwino amakolopa tsiku lililonse, mpaka amatseka kwa kanthawi kuti ayeretse, ndipo nthawi yake amailemba pachitseko. Mzere umakhalapo m'mawa anthu akangodzuka. Wosamba m'bandakucha kapena madzulo sadikira. Mapazi amatetezedwa ndi masilipasi, monga tinkachitira kusukulu zogonera komweko. Za maso a anthu, yankho lathu n'lakuti tikadzitsekera m'galimoto, ana athu adzaphunzira kuti malo amenewa si awo. Malowo talipira monga wina aliyense. Kawirikawiri moni wa pamalo otsukira mbale ndi umene umasandutsa woyang'anitsitsa uja kukhala mnansi wokubwerekani paipi ya madzi.

Pamene cha m'galimoto chili dalitso

Tisapitirire malire n'kuyamba kunyoza chimbudzi cha m'galimoto. Usiku ndi chamtengo wapatali. Mwana wamng'ono asatumidwe yekha ku zimbudzi za onse, usana kapena usiku, ndipo mayi asakakamizidwe kuyenda mumdima katatu pamene chimbudzi chili pomwepo. Mayi woyembekezera, bambo wa matenda a shuga amene amadzuka pafupipafupi, gogo wa mawondo ovuta, onsewa cha pafupi ndi chawo. Ngati muli ndi apongozi, njira yaulemu ilipo: apatseni bedi loyandikana ndi kachipindako, akamwini agone kutsogolo kapena m'tenti panja, ndipo m'mawa abambo atuluke kaye kukayenda kuti amayi atakasuke. Kwa olumala, misasa yambiri ili ndi chipinda chawo chapadera chotsegula ndi kiyi wotchedwa Radar key kapena wopempha ku ofesi; funsani pamene mukulembetsa malo.

Wina akatsegula m'mimba kapena kusanza, agwiritse ntchito cha m'galimoto chokha, kuti asapatsire msasa wonse, ndipo onse asambe m'manja ndi sopo. Mliri wa Covid-19 unatiphunzitsa zimenezi. M'chaka cha 2021 boma linalola mabanja ku England kukagona kumisasa kuyambira pa 12 Epulo pokhapokha ngati sakugawana zipinda zam'kati ndi mabanja ena, ndipo zogonera alendo zotsalazo zinatsegulidwa pa 17 Meyi. M'milungu imeneyo amene anali ndi bafa ndi chimbudzi chawochawo ndi amene anayenda mosavuta.

Dziwaninso kuti si msasa uliwonse uli ndi mabafa. Lamulo la 1960 loyang'anira misasa ya makaravani limalola mabungwe ena kuvomereza timalo ting'onoting'ono tolandira magalimoto osapitirira asanu, kawirikawiri pafamu. Tambiri mwa timaloti tili ndi mpopi wa madzi akumwa ndi pokhuthulira zonyansa basi. Kumeneko luso lathu lakale limagwira ntchito: kudzinyowetsa, kutseka mpopi, kudzola sopo, kenaka kudzitsukuluza. Munthu amene anakula akusamba theka la ndowa mu Juni ku Dedza safunika kuphunzitsidwa. Koma funsani musanalipire, pajatu safunsa anadya phula. Ndipo ngati galimoto yakhala nthawi yaitali osayenda, tayani madzi akale ndi kutsuka thanki, chifukwa tizilombo totchedwa Legionella, toyambitsa chibayo choopsa, timaswana m'madzi ongokhala ofunda pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo timalowa m'mapapo kudzera m'nthunzi ya shawa.

Walira mvula walira matope

Tsopano tifike pa ntchito imene aliyense amaithawa. Wofuna chimbudzi m'galimoto wavomeranso kukhuthula kathanki kaja. Ife tikuti ntchito imeneyi ndi ya munthu wamkulu amene wasainira galimotoyo. Isakankhiridwe kwa mayi chifukwa choti ndiye amachapa matewera, kapena kwa mtsikana amene tikumusunga, kapena kwa mnyamata wamng'ono pa onse. Bambo wonyamula kathanki m'mawa uliwonse sanatsike ulemu. Ana ake akuona chimene kukhala mutu wa banja kumatanthauza. Muzikhuthula tsiku ndi tsiku kasanadzaze, chifukwa kodzaza kamalemera ngati ndowa yamadzi ndipo kamatayikira.

Pamsasa pamakhala malo apadera okhuthulira zonyansa za m'chimbudzi, ndipo amalembedwa bwino. Kumeneko kokha. Osathira m'tchire, m'ngalande ya madzi a mvula, kapena pamalo otayira madzi otsukira mbale. Ngalande zambiri za mvula zimapita molunjika kumtsinje madzi ake osayeretsedwa. Mpopi wotsukira kathanki ndi wosiyana ndi wa madzi akumwa, ndipo kusakaniza iwiriyi ndi kuika anzathu pangozi. Mankhwala othira m'kathanki alipo amitundumitundu, ndipo misasa ina imafuna obiriwira okha opanda formaldehyde, chifukwa enawo amapha tizilombo tothandiza kuwoletsa zonyansa m'maenje awo. Tinsalu tonyowa topukutira ana ndi matewera zisalowe m'menemo. Makampani ambiri obwereketsa amadulanso ndalama ngati mwabweza galimoto kathanki kali kosakhuthula.

Ife okhala ku Woolwich tili ndi chifukwa chapadera chomvetsera nkhaniyi. M'chaka cha 1858 mtsinje wa Thames unanunkha kwambiri ndi zonyansa za mzinda wa London, mpaka aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza ntchito yaikulu ya mainjiniya motsogozedwa ndi Joseph Bazalgette. Ngalande yaikulu ya kumwera imene anamanga imadutsa pansi pa dera lathu lino kukathera ku Crossness, kumene nyumba ya mapampu inatsegulidwa mu 1865, ndipo njira ya Ridgeway imene ena timayendamo kuchokera ku Plumstead ili pamwamba pa ngalande yomweyo. Koma masiku amenewo zonyansazo ankangozitsanulira mumtsinje osaziyeretsa. Pa 3 Sepitembala 1878 sitima ya Princess Alice inawombana ndi ya Bywell Castle pafupi ndi Woolwich, ndipo anthu oposa 600 anafa m'madzi amene anali atangothiridwamo zonyansa zochokera ku Crossness ndi ku Beckton. Mtanda wowakumbukira uli kumanda a Woolwich mpaka lero. Kwathunso bala likadali laliwisi: kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Sitikunena kuti kathanki kamodzi kangabweretse kolera ku Kent. Tikunena kuti anthu amene anaika abale awo m'manda chifukwa cha madzi oipa ayenera kukhala oyamba kusamala kumene zonyansa zikupita.

Ukayenda siya phazi

Tikasankha mabafa a onse, tasankhanso udindo wake. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Pamsasa pamene Amalawi ndife tokha, chimene banja limodzi lasiya m'bafa chimakhala mbiri ya tonse, ndipo banja lobwera chaka chamawa ndi limene lidzalandiridwe ndi nkhope yokwinya. Tikamaliza kusamba tikolope pansi ndi mopu amene amaikidwa pomwepo, tichotse tsitsi posefera madzi, tisachapire zovala kapena kutsukira mapoto m'masinki osambira kumaso. Ambiri mwa ife tinazolowera kudziyeretsa ndi madzi, ndipo palibe cholakwika. Tengani kabotolo kanu, koma musiye pansi pouma. Nyimbo za kwaya m'shawa ndi zokoma, koma osati anthu ali mtulo. Ana tiwaperekeze ndi kuona m'mene asiyira malo.

Pempho lathu

Amene simunayendepo ndi galimoto yotere, yesani kaye pafupi. Ku Abbey Wood, pa msewu wa Federation Road, kuli msasa wa bungwe la Caravan and Motorhome Club, limene linayamba mu 1907 ndipo linatenga dzina limeneli mu 2017. Kuchokera ku Woolwich ndi siteshoni imodzi yokha pa njanji ya Elizabeth line, imene inatsegulidwa mu Meyi 2022. Usiku umodzi kumeneko udzakuphunzitsani zambiri, ndipo agogo akaona kuti sizikuyenda, kunyumba n'kufupi.

Musananyamuke ulendo wautali, khalani pansi monga banja. Mayi akambe ndi amayi anzake padera, bambo ndi abambo anzake padera, monga timachitira pa nkhani zonse zofuna ulemu. Gwirizanani za amene adzagwiritse ntchito cha m'galimoto ndi nthawi yake, amene adzakhuthule, ndi amene adzaperekeze ana. Mukangofika, musanayatse mbaula, mwana wamkazi atenge amayi ake n'kukawaonetsa mabafa, awalembere manambala a chitseko papepala, awaonetse m'mene shawa imatsegukira, awapatse tochi yawoyawo. Ndipo tsiku lililonse muziona ngati okalamba akumwa madzi.

Gogo uja anabwerera kumudzi mwezi wa Okutobala. Potsazika anauza mwana wake kuti nyanja ya kuno anaikonda, ndipo akadzabweranso adzapitanso, bola adzawaonetse kuseri tsiku loyamba lomwelo. Tiyeni tiwamvere.